Kuchokera Kumanja

Chiarabu ndinachiphunzira pamkeka,
ku Ntaja, kuseri kwa mzikiti wa malata,
Mwalimu Chikwanje atagwira kamtengo ka bwemba.
Tinkalira ngati achule a mu Januwale,
osamva ndi liwu limodzi lomwe.
Ndinkayesa chinenerochi chimakhala kumwamba,
chimatsika kasanu patsiku, chitasamba m'manja,
n'kubwerera chisanaponde fumbi.

Lero ndili ku Leeds, m'chipinda cham'mwamba,
mawindo akutuluka thukuta,
kunja kwada kale pomwe wotchi ikuti folo koloko.
Dokotala Widad Sabbagh akolowekera chikhoto chonyowa pampando
natigawira mapepala akadali ofunda.
"Werenga, Twaibu."

Ndiwerenga. Mayi wina akukangana ndi mwini nyumba za lendi,
mpope ukudontha, mwana ali ndi chifuwa,
mwamuna anamutenga usiku
anthu a galimoto yopanda nambala.
Ndaima. Lilime lakana.
Zilembo zomwe zija, zimene ndinkapsompsona zikagwa pansi,
pano zikutukwana kondakitala wa basi,
zikupempha mchere kwa mnansi,
zikununkha anyezi ndi palafini.

Gethin, mnyamata wa ku Wales wa ndolo kukhutu,
amadziwa dzina la lamulo lililonse la chinenerochi.
Ine ndimangodziwa pamene mpweya uyenera kuthera.
Timabwerekana: iye andipatsa tanthauzo,
ine ndimuonetsa pakhosi pamene liwu limabadwira.

Loweruka ndinapita ku Harehills kukakonzetsa foni.
Babikir wa ku Sudan ndinam'patsa moni wa m'buku.
Anaseka mpaka kutsokomola.
"Iwe, wabwera kudzagula galasi la foni
kapena kudzalengeza maliro pawailesi?"
Kenaka anaona buku m'thumba langa la jekete,
nalitsegula ndi zala zakuda ndi guluu.
Tsamba limodzi. Lachiwiri.
Kasitomala anagogoda pakauntala, iye osamva.
Atalitseka anapukuta magalasi nthawi yaitali.
"Sitolo yogaya khofi imene akunenayi," anatero,
"ifanana ndi ya mumsewu wa kwathu. Sindidziwa ngati ikalipo."
Ndalama yanga anaikankhira kwa ine.

Usiku wina m'laibulale, mapaipi otenthetsa akung'ung'udza,
ndinakumana nalo pamzere wachisanu ndi chiwiri:
sadaka.
Linangoima pamenepo ngati munthu wa kwathu
amene wakuona kaye pa depoti ya dziko la eni.
Dikishonale ikuti ndi mphatso kwa osauka.
Sinama, koma sidziwa mpunga wa m'mabeseni,
sidziwa mbuzi yomangidwa pamtengo wa mango
masiku makumi anayi atakwana.
Bambo anatisiya mu Novembala.
Tikiti ya ndege inali ndalama za miyezi itatu.
Ndinatumiza ya mbuzi,
ndipo sadaka yawo ndinaionera pafoni yosweka ija,
nkhope za azakhali zikuduka, zikuuma, zikubweranso.

Dokotala Sabbagh akufuna mawu zikwi zitatu pofika Lachisanu,
m'Chingerezi, za kusowa kwawo m'ndakatulo za masiku ano.
Ndalemba mazana awiri.
Ndimaganiza m'Chichewa, ndimalira m'Chiyao,
ndimawerenga chakumanja, ndimayankha chakumanzere,
ndipo pakati pa tsamba, pamene manja awiriwa akumana,
mpamene ndimagona.
Iwo anandiuza tsiku lina tikutsika masitepe
kuti kiyi wa nyumba ya amayi awo akadali m'kabati,
koma chitseko chake kulibe.
Sanawonjezepo. Anangofunsa ngati ndili ndi ambulera.

M'basi yobwerera ku Headingley, mvula ikuwaza pang'onopang'ono,
mayi wachikulire wa chipewa chofiirira
wasuzumira buku langa kuyambira pa Woodhouse Lane.
Potsika wandigwira pamkono mwaulemu.
"Mwana wanga, wayambira kumapeto."
"Ayi mayi," ndatero, chala chili patsamba,
"kuno ndiye koyambira."